Kadontho Kachitatu pa Telesikopu

Anzanga, Wamagalasi ndinakumana naye tsiku limene ndinakhalira magalasi anga m'basi.

Ine popanda magalasi munthu ndimamuzindikira ndi mawu basi. Ndinalowa m'kashopu kake chopapasa, fulemu ili m'manja, mwendo umodzi utathyoka.

"Munamenyana ndi ndani?" anandifunsa.

"Ndinawakhalira."

"Ndiye apepeseni kaye ndisanawagwire."

Atawakonza anandiveka yekha, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachiona bwinobwino chinali nkhope yake. Basi, mtima unapita.

Titazolowerana anandiitanira padenga la konkire pamwamba pa shopuyo. Kumeneko ankasungako telesikopu yakale imene anaipeza yowonongeka n'kuikonza yekha. Dzuwa litalowa, nyenyezi zitayamba kutuluka, analoza kumpoto.

"Ukuziona zija zapanga ngati sefuliya ya chogwirira chachitali? Pa chogwirirapo, yachiwiri kuchokera kumapeto. Dzina lake ndi Mizar. Ukuona zingati?"

"Imodzi."

"Vula magalasi, suzumira umu."

Ndinangoona chimbuuzi. Anandigwira dzanja n'kuliika pa kachitsulo kopotokola.

"Potokola pang'onopang'ono. Diso lililonse lili ndi fokasi yake, yanga siingakuthandize."

Ndinapotokola... Mayo ine! Nyenyezi ija inagawikana. Ziwiri zoyera mbee, zoyandikana ngati zikunong'onezana, ndi ina patali pang'ono.

"Ziwirizo ndi ine ndi iwe," anatero.

"Nanga yachitatuyo?"

"Ameneyo ndi Alcor, amangokhala chapambali. Ndipotu akuti iliyonse mwa zitatuzo ili ndi inzake yobisika, yosaoneka ngakhale ndi telesikopu iyi."

Ndinaseka. Ndinali chitsiru chosangalala, anzanga.

Ndinayamba kupitako pafupipafupi. Tsiku lina anandipempha kyuteksi yanga yofiira. Pa telesikopupo pali kapaipi kamene kamalowa ndi kutuluka ukamapotokola, ndiye anadonthezapo kadontho pamalo pamene diso langa limaonera bwino. Kake kanalipo kale, ka penti yoyera.

"Alendo ongoona kamodzi sindiwaikira," anatero. "Kadontho n'ka munthu wobwerabwera. Apa ndi pako."

Ena amapatsidwa mphete, ine ndinapatsidwa kadontho, ndipo ndinakhutira.

Chaka chotsatira mng'ono wanga anabwera kudzakhala nane, atayamba koleji. Maso ofookawa tonse tinatengera kwa amayi. Magalasi ake atayamba kumupweteketsa mutu, ndine ndemwe ndinamuuza kuti, "Pita kwa alamu ako akakuyeze." Ndinamujambulira ndi njira yomwe.

Nthawi yomweyo kufamase kumene ndimagwira anandiika shifiti yamadzulo, moti padenga paja ndinasiya kufikapo. Wamagalasi sanadandaule. Ine ndinkati eee, koma mwamuna womvetsa!

Lachisanu lina abwana anatiwerutsa msanga. Ndinalunjika kushopu osaimba foni. Ndinamupeza akumalizitsa kasitomala.

"Aa, babe! Kwera, ndikupeza."

Nditachotsa nsalu imene amafunditsa telesikopu, ndinaona kuti miyendo yake yafupikitsidwa. Ine ndine wamtali, iyenso wamtali. Ndinachita kuwerama. Ndinailozetsa kumpoto monga anandiphunzitsira, ndinavula magalasi, ndinasuzumira.

Chimbuuzi.

Ndinavalanso magalasi n'kuyatsa tochi ya foni kuti ndipeze kadontho kanga. Koyera kanalipo. Kofiira kanalipo. Pambali penipeni pa kofiirako panali kena, kapepo.

Kyuteksi yapepo imakhala pawindo la kuchipinda kwathu. Ndinagulira mng'ono wanga pa birthday yake.

Mumadziwa mmene mwendo umachitira dzanzi ukaukhalira nthawi yaitali? Thupi lonse linatero. Sindinanjenjemere, sindinalire. Ndinangopotokola mpaka pa kadontho kanga n'kuziona zitatu zija, zili phee monga kale.

Wamagalasi anakwera akupukuta m'manja.

"Kadontho aka n'ka ndani?" ndinafunsa.

Anapitiriza kupukuta m'manja mouma kale.

"Anangofuna kuona nyenyezi..."

"Wongoona kamodzi sumuikira. Unanena wekha."

"Sorry, ndilole ndikufotokozere..."

"Ayi, ndangofunsa."

Ndinafunditsa telesikopu ija bwinobwino kuti isalowe fumbi. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake ndinavutikira. Ndinamutsanzika n'kutsika masitepe.

Kunyumba ndinapeza mng'ono wanga ali pabedi, buku lili pamiyendo.

"Mwaweruka msanga lero, achemwali."

"Eya," ndinatero ndikuvula nsapato. "Iwe unaziona zingati?"

"Zitatu, koma akuti iliyonse ili ndi..."

Anadzigwira pakamwa. Zikhadabo zonse zapepo.

Anayamba kulira, akuti achemwali mundikhululukire, zinangochitika, sindinkafuna. Ine ndinapita kukhitchini kukatsuka mbale. Zinalipo zochepa, ndiye ndinatsukanso zoyera zomwe.

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti zithunzi za ine ndi Wamagalasi zinapita kuti. Ndinafufuta. Iye amaimba foni, ndimaiyang'ana mpaka isiye yokha. Anzanga a kuntchito akuti zidzandipweteka pambuyo pake, ndidzalira mpaka kutupa maso. Chabwino, ndikudikira.

Amayi sindinawauze. Akaimba amafunsa kuti, "Mukusungana bwino ndi mng'ono wakoyo?" Ndimati eya amayi, tili bwino. Mwamuna ungamusiye, koma mwana wa mayi ako ungamuthamangitsire kuti koleji isanathe? Tikugonabe chipinda chimodzi, bedi ili langa, ilo lake.

Ndikamachokera kuntchito sefuliya ija imakhala ili pompo kumpoto, sindiyang'anako. Ndikafika pakhomo ndimaima kaye, ndimavula magalasi n'kuwaika m'chikwama, kenako ndimalowa.

Mawu a mng'ono wanga ndimawamva ndithu, ndipo ndimayankha. Nkhope yokhayo ndiye sindikufuna kuiona bwino.