Ndime ya Geresomo

Geresomo anadula nzimbe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo zambiri mwa zakazo ine ndinali pamzere woyandikana naye. Kwawo ndi kwa Mbenje. Anabwera kuminda ya kampani madzi atakokolola mapira ake, n'kumati agwira chaka chimodzi chokha. Tonse tinanena choncho pobwera.

Anali munthu wosayankhulayankhula. Chikwanje chake sankabwereketsa, ngakhale kwa ine. Ndiwo zake za masana zinali zosasintha: nsomba youma ya bakayawo yootcha, n'kuwazanso mchere pamwamba, ati thukuta la ku Chikwawa limamaliza mchere m'thupi ndiye pamafunika kubwezera. Akatha kudya ankapichira fodya wa chingambwe. Ndinkamuseka kuti tsiku lina adzauma ngati nsombayo.

Za bipi ankadziwa. Chaka chilichonse amatiyeza asanatilembe ntchito, ndipo iye mapilitsi ankamwa sabata ya kuyezako yokha, kuti makina amukomere mtima. Akalembedwa, botolo linkabwerera kutsindwi. Ndisamunamizire, sanali yekha.

Ife odula tili ndi lamulo lathu losalembedwa. Mnzako akafooka umamubisa kwa kapitawo n'kumumalizira ndime, poti wopitapita kuchipatala dzina lake silituluka chaka chamawa. Kaya n'zoona kaya ayi, ife timakhulupirira zimenezo.

Lachitatu lina mu Okutobala, dzuwa litakwera, ndinamva chikwanje chake chikugwa. Anawerama kuti atole, dzanja lamanja n'kumangokhudza chigwiriro osagwira. Atanditembenukira, mlomo unali utapotokera mbali imodzi, ndipo zimene ananena zinamveka zachiledzerere, pomwe mowa sankalawa. Ine ndinati ndi dzuwa. Nanga dzanzi la m'manja wodula nzimbe ndani salidziwa? Ndinamukokera pamthunzi wa nzimbe zosadula, ndinamuthira madzi kumutu, n'kulowa mumzere wake. Kapitawo atadutsa ndinamuuza kuti wapita kukadzithandiza.

Pasanathe theka la ola anadzuka bwinobwino, pakamwa patawongoka. Poweruka anandigulira thobwa.

Loweruka m'mawa mkazi wake Otilia ananditumizira uthenga. Ndinamupeza mnzanga ali chigonere pamkeka, mbali yonse yakumanja itafa. Achibale anali atayamba kale kunong'ona kuti wamenyedwa ndi hamala ya afiti. Tinamutengera kuchipatala pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditamukumbatira kuti asagwe.

Namwino anafunsa ngati panachitikapo chachilendo masiku apitawo. Ndinafotokoza za Lachitatu lija Otilia akumva, mwinanso ndi kakunyada pang'ono. Anasiya kulemba.

"Bambo, imeneyo inali sitiroko yaing'ono, chenjezo. Pakamwa pakapotoka, dzanja likafooka, mawu akasokonekera, mumathamanga naye munthu nthawi yomweyo, ngakhale zitasiya zokha. Tikanamuyambitsa mankhwala tsiku lomwelo. Mwina sizikanafika apa."

Ndinangoti chabwino. Sindinalire, sindinakwiye. Mpaka lero ndikaifufuza nkhaniyi mumtima ndimapeza muli zii, ngati dzanja la Geresomo lija.

Pano ali kwa Mbenje. Otilia amamuphikira ndiwo za mchere wochepa, amamumwetsa mapilitsi m'mawa uliwonse, n'kumamuwongola zala chimodzichimodzi monga anamuphunzitsira kuchipatala. Chikwanje chili kuseri kwa chitseko, chachita dzimbiri. Ine ndinasiya fodya, ndinakayezetsa bipi mwezi umene kampani silemba ntchito, ndipo anzanga kumunda akuti ndasanduka mlaliki. Koma ndime akumaliziranabe ndithu.

Mwezi watha ndinakamuona. Mawu akubwerera pang'onopang'ono. Anandigwira ndi dzanja lamanzere, n'kulimbana ndi lilime kwa nthawi yaitali.

"Shamwali, ndime ija. Kapitawo sanadziwe?"

"Sanadziwe."

"Takhuta," anathokoza m'chiyankhulo cha kwawo, akumwetulira ndi mbali imodzi.

Otilia anali pakhomo akupeta mapira. Sanadzutse mutu.