Nyimbo Yotulutsira Mtembo

Kwathu, kuseri kwa Msakambewa chakumalire ndi Ntchisi, tinali ndi nyimbo imodzi imene sinkayimbidwa wamba. Inali yotulutsira mtembo. Adzukulu akanyamula bokosi m'nyumba ya siwa, phazi likangoponda pakhonde, mayi mmodzi ankaiyambitsa, enafe n'kumavomera mpaka kumanda. Ikathera kumeneko, yatha. Sunkaiyimba posinja, sunkaiyimba kudimba, ndipo mwana akangoing'ung'udza ankalandira khofi osauzidwa chifukwa. Pa nthawi yathu woyambitsa wake anali amayi anga.

Mawu a amayi anatenga ndi mng'ono wanga, chitsirizira m'nyumba mwathu. Ine ndinangotengako ukali. Mwana ameneyu ankayimba kwaya ku tchalitchi, ndipo akakweza mawu ngakhale madoda ogona kumbuyo aja ankadzuka.

Chaka china wailesi inalengeza kuti dziko lathu likufuna munthu mmodzi wokaliyimira ku mpikisano wa nyimbo wa mayiko ambiri. Anati nyimboyo ikhale ya makolo, yochokera kumudzi kwenikweni. Mng'ono wangayo anandipeza ndikusoka fodya m'chigafa, n'kukhala pansi pafupi nane ngati wabwera kudzathandiza.

"Achemwali," anatero, "aliyense akayimba za chimtali. Koma ya amayi ija palibe anaimvapo kunjaku."

"Wapenga iwe? Ukufuna kutiyitanira chiyani pakhomo pano?"

"Ndi nyimbo basi."

"Nyimbo basi! Ukayese uone."

Anayesadi. M'mawa wina, anthu ali kuminda, analowa m'chigafa chomwecho, n'kutsamiritsa foni pamtanda kuti adzijambule, n'kuitulutsa ndi mawu onse. Kwathu mawu amayenda. Anatsika chigwa, n'kukagunda phiri la kutsidya. Tsoka lake, masiku amenewo amalume athu anali chigonere ndi chifuwa, ndiye aliyense womva anangoti basi, apita. Amayi a kutsidya anataya makasu n'kuwoloka mtsinje akubuma. Akazi awo a amalume, amene anali kumjigo, anagwa pomwepo ndi chidebe chawo. Khamu lonse lija linafika pakhomo n'kupeza mtsikana ataimirira pakati pa fodya, akuyimbira foni. Amalume eni akewo anatuluka ndi ndodo, akutsokomola, n'kufunsa kuti, "Kodi ndafa ine osadziwa?"

Ena anaseka, koma kuseka kwa mantha. Amayi anafika pomaliza, khasu lili paphewa. Sanakalipe ayi, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa.

"Wafa ndani?" anafunsa.

"Palibe, amayi."

"Nanga ukutulutsa ndani?"

Patapita masiku mwana uja anakwera minibasi ya ku Lilongwe osatsazika amayi.

Anamusankha. Anthu ankavota pa foni, ndipo amayi omwe aja anawoloka mtsinje akubuma ndiwo ankauza ana awo kuti awavotere. Anthu ife! Anakhala m'tauni miyezi ingapo akumuphunzitsa, kenako anamukweza ndege. Tsiku la mpikisano tinadzazana m'golosale ina pa Msakambewa mmene munali kanema, thukuta lokhalokha, ana atakwera pamawindo. Amayi anakana kubwera.

Sindinama, atatchula dzina la dziko lathu n'kutulukira mwana wa amayi anga, ndinalulutira mpaka kukhosi kuwawa. Koma atangoyamba, ndinasiya kululutira. Anaiikira magitala ndi ng'oma, anaithamangitsa, kumbuyo kwake kuli anyamata ovina. Anthu a mayiko ena ankakupiza mbendera, akusangalala ndi mawu amene sankawamva, mawu opempha akumanda kuti alandire mlendo wawo. Ine maso anga ankangothawira kukhomo la golosale, kudikira kuti bokosi lituluke. Ndinachita mantha, mantha enieni, pakati pa anthu akuwomba m'manja.

Sanapambane. Anafika m'ndime yomaliza, chikho n'kupita kwina. Koma nyimbo ija inabwera kunyumba iye asanabwere. Inali m'minibasi za ku Mponela, inali m'mafoni a anyamata a kabaza, inali pa maukwati, akwati akuvina pang'onopang'ono kulowa m'holo. Ana ankadumphira chingwe nyimbo yomweyo, ndipo panalibenso wowapatsa khofi. Ine ndikaimva mwadzidzidzi pamsika, mutu unkayamba kuyendera abale mmodzimmodzi kuti watisiya ndani. Mpaka lero zimandichitikira.

Amayi anasiya kuiyambitsa. Pa maliro a amalume, amene anapitadi chaka chotsatira, adzukulu anaima ndi bokosi pakhonde kudikira, amayi n'kungotseka pakamwa. Mkulu wa mpingo anachita kuyambitsa ya m'buku.

Mng'ono wanga anabwera pambuyo pa maliro amenewo. Anawapeza amayi akutong'ola chimanga pakhonde, n'kugwada patali ndithu, pafumbi, ndi zovala zake za m'tauni.

"Amayi, ndinalakwa. Mundikhululukire."

Amayi anapitiriza kutong'ola mpaka chitsononkho chinayera.

"Ine sunandilakwire," anatero. "Walanda anthu akufa chofunda chawo. Koma mvera. Tsiku langa likadzafika, udzanditulutse ndiwe. Udzaiyimbe mmene imayimbidwira, osati zako zija. Ukadzatero, iwe ndi ine tathana."

Kuyambira pamenepo mwana uja ankakhalira mawu amenewo. Akandiyimbira foni ankandifunsa kuti kodi amayi ankapumira pati, ankatsitsa pati mawu. Ine ndinkamukalipira kuti asiye kuwalosera amayi imfa adakali ndi mphamvu zolima.

Amayi anamwalira nyengo yozizira, chifunga chitaphimba mapiri onse mpaka masana. Mng'ono wanga anafika tsiku lomwelo, anakhala nafe m'siwa, analira mpaka mawu kusasa, ine n'kumuuza kuti asungeko ena. Mawa lake mapemphero atatha, adzukulu analowa, ananyamula bokosi. Phazi linaponda pakhonde. Panali zii, anthu onse akudziwa chimene chikudikiridwa.

Anaiyambitsa. Mayo ine, munali amayi mwenimweni! Pang'onopang'ono, mozama, popanda zokometsera. Amayi achikulire anavomera akulira, ena atagwira pamtima, chifukwa inali itatenga zaka isanamveke chonchi. Mumtima ndinati wakwanitsa, mwana wa amayi wakwanitsa, n'kutembenuka kuti ndimuyang'ane.

Ankamwetulira.

Sindikunena kumwetulira kwa munthu wolimba mtima ayi. Mano onse ali pamtunda, mutu utapendekera kumbali, maso atatseguka kwambiri, misozi ikutsika n'kumalowa m'kamwa momwetuliramo. Pa mzere wachiwiri, pamene nyimbo imakwera, nkhope ya mng'ono wanga inali ya munthu wa pa chikondwerero, kutsogolo kwa bokosi la amayi ake.

Sindinaone ndekha. Ovomera anayamba kuchepa, mmodzimmodzi. Azakhali athu anakuwa kuti, "Taonani, akuseka! Akuwaseka amake!" Mwana uja anadzigwira kumaso, anamva yekha chimene chinalipo, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Nyimbo inadukira pomwepo. Amayi anga, amene anatulutsa anthu onse a m'mudzi muja, anayenda chete kuchoka pakhonde mpaka kudutsa nkhokwe, kumangomveka mapazi a adzukulu. Kenako wina anayambitsa ya m'buku.

Titabwerako kumanda ndinamukokera kuseri kwa khitchini. Dzanja ndinali nditakweza kale.

"Chimene chija n'chiyani? Tandiuza!"

"Achemwali, sindinadziwe," anayankha. "Ku Lilongwe kuja ankandiyimika pagalasi tsiku lililonse. Ankati nkhope yako ikuoneka ya pamaliro, oweruza sangaikonde. Ukafika mzere wachiwiri mwetulira, pendeketsa mutu, kamera ili kumanzere. Ndikaiwala ankandibwezera poyamba, mpaka ndinasiya kuiwala. Lero yangochita yokha. Ndinaimva ikubwera, ndinalephera kuigwira."

Ndinatsitsa dzanja. Ndinamukhulupirira, ndipo ndimamukhulupirirabe. Koma kumudzi ungafotokozere ndani za galasi ndi kamera? Tisanamete n'komwe, nkhani inali itafika kutsidya kuti anakhwimira amake kuti atchuke, n'chifukwa chake anaseka. Akamadutsa, anthu ankaitana ana awo kulowa m'nyumba. Ananyamuka m'mawa wotsatira kumeta, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanapondenso kwathu. Kuyimba anasiya, amagulitsa zitenje m'tauni.

Chaka chatha, nthawi yokolola, anandiyimbira foni. Anati amadzitsekera m'chipinda n'kumayimba nyimbo ija atagwira masaya ndi manja onse awiri, ndipo masiku ena zimatheka kuimaliza osamwetulira. Ndiye anati:

"Achemwali, amayi ndinalephera kuwatulutsa. Inu likadzafika tsiku lanu, mudzandilola ndiyesenso?"

Ndimamukonda mwana ameneyu kuposa wina aliyense amene watsala. Koma ndinaona nkhope ija ili pamwamba pa bokosi langa, ana anga akuyang'ana.

"Iyayi," ndinatero. "Ine undisiye ndidzapite ndi za m'buku."

"Chabwino, achemwali," anayankha motsitsa. Kenako anandifunsa ngati chimanga chachita bwino chaka chino.