Bala la Chitsa cha Nandolo

Chizindikiro choyamba ndinachiona pa chinangwa. M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, amuna anga, bambo a Esinati, anatenga chinangwa chophika kuti amwere tiyi, koma kukamwa kunangotseguka pang'ono. Anayesanso, n'kuchibwezera m'mbale. Nditawafunsa, anati ndi dzino. Chikwatiraneni anali asanadandaulepo dzino.

Ndifotokoze kaye za njinga, chifukwa zonse zinachokera kumeneko. Amuna anga ndi kalipentala, ali ndi kashedi kawo pa Njuli, ndipo zaka zawo zinadutsa makumi asanu. Zaka zingapo zapitazo, anthu ena a ku Limbe anayamba kubwera Loweruka ndi njinga zamagiya, zamatayala okhuthala, atazimangirira kumbuyo kwa magalimoto. Amasiya magalimotowo pamsika n'kumakapalasa m'tinjira ta m'mapiri, momwe ife timatsikamo ndi nkhuni pamutu. Tsiku lina anasochera, ndipo amuna anga anawalondolera njira ali pa njinga yawo yonyamulira matabwa. Basi, mtima unapita. Mkulu wa gululo, a Jafali, anawapatsa njinga yomwe iwo anasiya kukwera, pamodzi ndi chisoti. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse munthu wa zidzukulu ankasowa pakhomo, kukatsetsereka m'miyala ya m'munsi mwa phiri la Chiradzulu. Kumunda ndekha, kuchigayo ndekha, alendo akabwera ndiwalandire ndekha.

Masiku angapo chinangwa chija chisanawakanike, anali atagwa. Akutsika chitunda china cha kuseri kwa Mbulumbuzi, mbuzi inadutsa kutsogolo, iwo n'kukagwera m'munda womwe mwini wake anali atadula nandolo ndi kumwaza manyowa a m'khola. Chitsa chosongoka chinawabaya kuseri kwa mwendo, m'munsi mwa bondo. Anzawo anatsukapo ndi madzi a m'botolo, n'kumatapo pulasitala, ndipo a Jafali anawauza kuti apite kuchipatala. Iwo anati apita akamaliza ulendo. Atafika kunyumba anathirapo mafuta a buleki, anamangapo kansanza, n'kuvala thalauza lalitali. Ine ndinadziwa pochapa, nditaona magazi pa nsalu. Balalo linali laling'ono ngati diso la nkhuku, koma lakuya. Ndinawauza kuti akaonetse. Anandiyankha kuti agwapo kambirimbiri ndipo sanafepo.

Mawa lake la tsiku la chinangwa lija, khosi linauma. Anati anagona moipa. Kenako madzi anayamba kuwatsamwa, thukuta lili kamukamu ngakhale ali pamthunzi, ndipo nkhope inakokeka ngati munthu amene akuseka mokakamiza. Ndinawapempha, ndinawakalipira, ndinawatumira mwana wathu Esinati kuti awanyengerere. Ankangogwedeza dzanja. Masana ena beseni linagwa pakhonde, ndipo phokoso lakelo linawakunga thupi lonse. Msana unapindikira kumbuyo, mano analumana, zala zinafumbata. Zitawasiya, sindinawafunsenso maganizo awo. Ndinatenga foni yawo n'kuimbira a Jafali. Sindinawapatse moni. Ndinangowauza kuti njinga yawo ija yandiphera munthu, abwere ndi galimoto. Anabwera.

Pachipatala chaching'ono cha kwathu tinapeza mzere wautali, koma namwino atangoona mmene amuna anga anaumira, anatilowetsa. Dokotala wa pamenepo anawayang'ana nsagwada, n'kufunsa ngati anavulalapo posachedwa. Ndinakweza thalauza lija ndekha.

"Mayi, uyu ndi kafumbata," anatero. "Musabwerere kunyumba kukatenga zovala. Pitani kuchipatala chachikulu m'tauni pompano."

Ine ndinkadziwa kuti kafumbata ndi matenda a makanda, olowera pamchombo. Panjira namwino amene anatiperekeza anandifotokozera kuti tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timakonda bala lakuya lomwe latsekeka pamwamba. Anatinso amayi timalandira katemera wake kusikelo tikakhala oyembekezera, pamene abambo ambiri sanabayidwepo chiyambire ubwana wawo.

Kuchipatala chachikulu anatsegula bala lija n'kutulutsamo kachidutswa ka mtengo wa nandolo. Anawabaya majakisoni, anawaika diripi, ndi kapaipi ka m'mphuno kodyetsera. Anatipatsa kachipinda kapambali, mazenera ataphimbidwa ndi mabulangete, chifukwa kuwala, phokoso, ngakhale kuwagwira modzidzimutsa kunkayambitsa kukungika kuja. Dokotala wamkulu, mayi wachete, anandiuza kuti mankhwala aletsa poizoni watsopano, koma amene walowa kale m'mitsempha ayenera kutha yekha, ndipo zimatenga milungu. Ndinamufunsa ngati achira.

"Sindikulonjezani," anatero. "Chimene tikuopa ndi kupuma. Inu ntchito yanu ndi yoti m'chipinda muno mukhale chete."

Ntchito imeneyo inali yovuta kuposa zina zonse. Zinazo ndinazizolowera msanga. M'mawa kuwapukuta ndi kansalu pang'onopang'ono, kuwatembenuza ndi namwino kuti asachite zilonda zakumsana, kukaphika phala lamadzimadzi kukhitchini ya magadiyani, kulisefa kuti lidutse m'kapaipi, kenako kudikira madokotala. Kudikira kunali kochuluka. Kudikira mankhwala, kudikira zotsatira za magazi, kudikira kuti mbaula ipezeke. Koma kutontholetsa anthu! Aliyense wobwera kudzazonda anali ndi foni yolira nyimbo. Aliyense ankafuna kuwagwira dzanja ndi kufuula dzina lawo, ngati kuti matendawa ndi a makutu. Anzawo a njinga anabwera ndi nsapato zawo zolira pasimenti, ndipo ndinawavulitsa panja onse, mabwana ndi mabwana omwe.

Mlongo wawo wa amuna anga, a Rozina, anafika ndi maganizo awoawo. Anati izi si zakuchipatala, achimwene awo anaponda pamalo oletsedwa kuphiri, kapena wina wawachitira nsanje poona akuyenda ndi anthu a magalimoto. Ankafuna tiwatulutse tipite nawo kwa munthu wina wa ku Phalombe. Ndinawauza kuti kachidutswa ka nandolo ndinakaona ndi maso angawa. Anandiyankha kuti mlamu ndine wouma mutu, ndipo achimwene awo akafa mlandu udzakhala wanga. Tsiku lina ndinawapeza akufuna kuthira madzi a mizu m'kapaipi kaja. Ndinalanda botolo, n'kukalipereka kwa namwino. Kuchokera tsiku limenelo a Rozina ankazondera ali pakhonde.

Tsiku loopsa kwambiri linabwera ndi anthu abwino. Amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi anasonkherana, anakwera minibasi, anabwera ndi ufa, nkhuni ndi sopo. Anafika ine ndili kukhitchini, ndipo osandidikira, anaima pakhomo pa kachipinda kaja n'kuyamba nyimbo. Ndinaimva ndili patali, ndinaithamangira nditasiya phala pamoto. Ndinapeza amuna anga atapindika pabedi, milomo itada, mpweya osalowa. Anamwino anathamanga ndi jakisoni ndi botolo la mpweya. Ine ndinatembenukira amayi aja, anzanga amene ndimapemphera nawo, ena akulu ngati mayi anga, ndipo ndinawathamangitsa ngati nkhuku pa mphasa ya mphale. Mawu amene ndinalankhula sindingawalembe pano. Madzulo a tsikulo wansembe anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, akunong'ona. Amayi ajawa sankadziwa, ndikuvomereza. Koma pakhomopo panali pepala loletsa phokoso, ndipo ena mwa iwo ndi aphunzitsi.

Cha pakati pa Novembala kukungika kunayamba kuchepa. Kunkabwerabe, koma mwa apo ndi apo, ndipo sikunkakhalitsa. Namwino ankayeza kukamwa ndi zala: chala chimodzi chinalowa, patapita masiku zinalowa ziwiri. M'mawa wina ndikuwapukuta kumaso, ndinaona milomo ikugwedera. Ndinaweramira pafupi, poti kwa milungu yonseyo ndinali ndisanamve mawu awo. Ananong'ona kuti, "Amake Esinati, njinga ija munailowetsa m'nyumba?"

Ndinaika kansalu pansi, ndinatuluka, ndinakakhala pa benchi la pakhonde. Ndinalira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati unali mkwiyo kapena chisangalalo. Namwino wina atamva anaseka mpaka kugwira khoma. Anati wodwala akayamba kufunsa zopusa ndiye kuti wabwerera.

Atachotsa kapaipi anayamba ndi phala la supuni, kenako nthochi yokanya. Anali ataonda moti lamba ankazungulira kawiri. Miyendo yomwe inkakwera zitunda inkalephera kuwafikitsa kuchimbudzi, ndipo a zolimbitsa mafupa ankawayendetsa m'khonde atagwira chitsulo. Tisanatuluke anawabaya katemera wa kafumbata. Dokotala anati kudwala matendawa sikuteteza munthu kuti asadzadwalenso, choncho ayenera kubweranso kudzamaliza majakisoni otsalawo. Ndinawaperekeza ulendo uliwonse, chifukwa ndinkadziwa kuti paokha sangapite.

Tinabwerera kumudzi mvula yoyamba itagwa kale, anzathu atadzala, munda wathu uli thengo. Loweruka lotsatira a Jafali anafika ndi gulu lawo lonse, opanda njinga, atanyamula makasu atsopano a m'sitolo. Analima ndi mtima wonse mpaka manja anatuluka matuza. Mizere yake inali yokhotakhota, ina yolunjika kumene madzi amatsikira, moti ine ndi Esinati tinathera mlungu wonse tikuikonza. Sindinawauze. Ndinangowauza kuti aliyense wa iwo akabayitse katemera asanabwerenso kudzatenga amuna anga, ndipo a Jafali anandilonjeza kuti aonetsetsa.

Lero bambo a Esinati ali bwino. Thupi linabwerera, ntchito ya matabwa anayambiranso, kungoti nyengo yozizira khosi limawauma m'mawa. A Rozina amauzabe anthu kuti achimwene awo anachira chifukwa cha zimene a Rozinawo anakachita kwa munthu uja wa ku Phalombe. Ndinasiya kutsutsana nawo. Njinga ndinafuna kuigulitsa, koma pa ulendo womaliza wa kuchipatala amuna anga anafunsa dokotala, ine ndili pomwepo, ngati angayambirenso kupalasa. Dokotala anati kupalasa n'kwabwino ku mtima, ayambe pang'onopang'ono. Njinga ija sindinaigulitse. Tsopano Loweruka lililonse amapitanso, ndipo akabwerako ndimawaimika pakhonde, akweze thalauza, ndione miyendo yonse iwiri asanalowe m'nyumba.

Kwa inu amene mumapalasa m'mapiri, a kabaza, alimi, ndi aliyense wogwira khasu kapena chikwanje: bala lakuya, ngakhale likhale laling'ono, litsukeni ndi madzi ndi sopo ndipo pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Musathirepo dothi, mafuta a galimoto kapena phulusa. Funsani za katemera wa kafumbata, makamaka inu abambo. Munthu akayamba kulephera kutsegula kukamwa kapena khosi likauma pambuyo pa bala, musadikire mawa. Ndipo inu amene mumasamala anthu osamva ngati wangayu, musataye nthawi kuwanyengerera. Itanani galimoto, muwakweze akukana choncho. Adzakukwiyirani, inde, koma adzakwiya ali moyo.