Buku Limene Agogo Anasuta

Anzanga akakumbuka agogo awo amati amamva fungo la mbatata yootcha. Ine ndikakumbuka agogo anga a Mbewe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la Chingerezi chikupsa. Musaseke. Chingerezi chimapsa bwino kwabasi, makamaka chikakhala pa pepala lopyapyala, mutakulungamo fodya wa chingambwe, n'kunyambita m'mphepete mwake, n'kuyatsira khala la pa mbaula dzuwa litapendeka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Katondo, uku sitima ikulira kunjanji, uku mphepo ikubweretsa fumbi la ku mgodi lija linkatsalira m'mano ngati mchenga.

Bukulo linabwera ndi amayi anga, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wina ku Highridge. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira ketulo yodontha ndi chibuku chonenepa ngati njerwa, choti aziyatsira moto. Pachikuto pake panali nsanja yakuda, mitambo yofiira, ndi kamunthu kogwira lupanga. Agogo anatikita tsamba limodzi ndi zala monga amachitira azimayi posankha chitenje, nati pepala lotere n'tchimo kuliotcha lopanda fodya. Anayamba kung'amba chakumbuyo, poti m'kuganiza kwawo panalibe munthu wamoyo amene akanafika kumapeto kwa buku lalikulu chonchi. Ine ndinayamba kuwerenga chakutsogolo, poti ndinali mu giredi sikisi ndipo ndinkadzimva ngati loya.

Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka anawaika kukhala kapitawo. Ukapitawo wawo anaugwira ndi manja awiri. Eni mgodi ankakhala kutsidya la nyanja, palibe anawaonapo nkhope. Nkhope imene anthu ankaiona m'mawa uliwonse inali ya agogo, ndi mawu awo, ndi kachidutswa ka paipi ya labala kamene sikankachoka m'manja mwawo. Atapuma ntchito dzinalo silinapume. Akamadutsa pamsika moni unkauma, ndipo azimayi ankaopsezera ana kuti akapanda kusamba aitana Kapitawo. Ku maliro a anthu sankapita, ati miyendo. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala ba Tembo, a ku Katete, amene agogo anawanenera kwa azungu kuti anawapeza akugona pantchito. Ntchito inatha, nyumba ya kampani inapita, ndipo chiyambire pamenepo anthu awiriwa sanalankhulanepo, ngakhale nkhuku zawo zinkadyera pamodzi.

Tsiku lina agogo anandifunsa chimene chinkanditsegula pakamwa m'bukumo. Ndinawauza kuti muli mfumu ya mdima. Imakhala pamwamba pa nsanja, m'dziko la utsi losamera ngakhale udzu. Dzina lake anthu amaopa kulitchula. Siituluka panja, imangotuma akuluakulu ovala zakuda. Asilikali ake amawaumba m'maenje pansi pa phiri. Ndipo mtima wake inauchotsa n'kuubisa m'bokosi lachitsulo kuti isafe. Chimene ikufuna ndi dziko lonse.

Agogo anatulutsa utsi, nafunsa kuti dziko lonselo ikalitenga ilima ndi ndani, poti olima ikuwapha.

Kuyambira tsikulo ndinali pa ntchito. Ndikaweruka ndinkakhala pa ndowa yovundikira n'kumamasulira. Mawu amene ndinkawadziwa ndinkawamasulira, amene sindinkawadziwa ndinkawadumpha ngati matope, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti nkhaniyo inakoma chifukwa cha ine. Anyamata abwino a m'bukumo, oyenda ulendo wautali kukafuna bokosi lija, agogo analibe nawo ntchito. Ankati ndi malova osowa chochita. Ankafuna za mfumu ya mdima basi. Kodi ili ndi mkazi? Amaiphikira ndani, nanga siopa kuthiridwa mankhwala? Kwawo n'kuti, mfunda wake ndani? Nsanja yaitali chonchija, chimbudzi chili pansi kapena pamwamba? Zonsezi bukulo silinanene, ndipo agogo ankati wolembayo ndi waulesi. Titafika pamene pankati mfumuyo poyamba inali wantchito wokhulupirika, wanzeru kuposa anzake, amene anangofuna kuti zinthu ziziyenda mwadongosolo, agogo anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso, mpaka ndudu inawazimira m'kamwa.

Mawa lake anasiya kung'amba chakumbuyo. Anayamba kusuta masamba amene tawerenga kale, motero bukulo linaonda mbali zonse ziwiri ngati chinangwa chodyedwa ndi mbewa ziwiri.

Ine mawu anga sanali aang'ono, ndipo posachedwa ndinaona kuti nthawi yowerenga ikakwana njinga ya ba Tembo inkaonongeka. Tsiku ndi tsiku inkaonongekera malo amodzimodzi, pafupi ndi mpanda. Ankaigadabuza, n'kumazunguza gudumu osamanga kanthu. Agogo ankaona zonsezi. Ankangondiuza kuti ndikweze mawu chifukwa makutu awo akalamba.

Tinafika nalo m'nyengo yotentha, mango ali aawisi. Magulu ankhondo anali atazungulira nsanja, mnyamata wina anali atalipeza bokosi lachitsulo, atakweza nyundo. Ndinatembenuza tsamba, n'kupeza chikuto. Ndinagwedeza bukulo ngati mwina mathero agwa. Munagwa tinyenyeswa ta fodya.

Agogo anandiyang'ana ngati ndine ndadya masambawo. Ndinawakumbutsa kuti mathero ali m'chifuwa mwawo, akhosomole mwina atuluka. Tsiku lina akanandiponyera nsapato, koma tsikulo sanatero. Anati zoti mfumuyo inafa akudziwa, palibe bokosi losatseguka. Chimene ankafuna kumva chinali china.

"Itafa, anaiika ndani?"

Ndinati mwina asilikali ake. Anapukusa mutu, nati munthu amene wakhala ukumumenya sakumba manda ako, amathawa mtembo usanazizire n'komwe.

Apo gudumu la njinga linaima. Ba Tembo sanadzutse mutu, ankalankhula ngati akuuza tcheni.

"Munthu wotere saikidwa, ba Kapitawo. Akaidi ndiwo amabwera kudzamukoka, n'kukamukwirira ngati galu."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba kuoloka mpanda uja.

M'mawa mwake agogo anavala jekete ndi nsapato za ku mgodi, nayenda wapansi mpaka ku Highridge kukafunsa ngati mzungu uja anasiya buku lina longa lomwelo. M'nyumbamo munali mutalowa kale bwana wina wa boma, ndipo chimene agogo anabwera nacho ndi buluku long'ambidwa ndi galu. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Koma ine ndinamva agogo akufunsa amayi mwakachetechete ngati n'zoona kuti munthu wopanda omuika amaikidwa ndi akaidi, ndiponso kuti ku Dedza angatsale ndani wowakumbuka. Kunalibe. Mwana wawo wamwamuna, bambo anga, anali atamwalira kale. Panyumba tinalipo amayi, ine, ndi nkhuku.

Mvula yoyamba isanagwe, akazi a ba Tembo anamwalira. Ana saloledwa ku manda, n'chifukwa chake zonse ndinaziona bwino ndili mumtengo. Amuna anali atakumba kufika m'chiuno pamene agogo anatulukira, piki ili paphewa. Nthabwala zija amachita okumba manda zinatha. Palibe anawapatsa moni, palibenso anawaletsa. Anavula jekete, naipachika pa mtanda wa munthu wina, nalowa m'dzenje. Mnyamata wina anathamanga kukanena kunyumba ya maliro.

Mwamuna woferedwa sachoka pa mkeka mtembo usananyamuke, koma ba Tembo anabwera, opanda nsapato, maso ali psuu. Anaima m'mphepete mwa dzenje, agogo ali pansi, thukuta likutsika m'makwinya a khosi, chifuwa chikulira ngati chitseko. Ine ndinagwiritsa nthambi, ndikudziwa kuti akangonena kuti tulukani, ndiye kuti za akaidi zija zatsimikizika. Ba Tembo anasuzumira m'dzenjemo. Kenaka analoza ndi chala chakuphazi.

"Ngodya iyo yapindika. Mkazi wanga sagona mopindika. Wongolani."

"Chabwino, bwana," anatero agogo.

Ba Tembo anawayang'anira mpaka manda anatha. Apa pakuya, apa pafupika, fulumirani dzuwa likupita, kodi mukugona pantchito? Amuna ena aja anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka, poti kuseka pamaso pa woferedwa sikuloledwa. Agogo anatuluka m'dzenjemo ochita kukokedwa ndi anthu awiri, manja atatupa matuza, ndipo wina anawapatsa madzi m'kapu yomwe ankamwera onse.

Musaganize kuti anasanduka abwenzi. Ankakanganabe za nkhuku. Koma madzulo ena dzanja linkadutsa pampanda, agogo n'kuikamo ndudu, ba Tembo n'kufunsa ngati ili ya pa nkhondo kapena ya pa ulendo, poti ati masamba a pa ulendo ankawagonetsa tulo. Piki ija sinapumenso. Kulikonse kwagwa maliro, miyendo ya agogo inali itachira.

Iwo atamwalira anthu sanadzaze msewu, ndisakunamizeni. Ena anakana ndithu, ndipo anali ndi zifukwa zawo. Koma akaidi sanabwere. Anakumba ndi ana a ba Tembo, bambo awo atakhala pa chitsa ndi ndodo, akudandaula za ngodya.

Masiku ano adzukulu anga amaonera mafumu a mdima pa foni, ndipo ndaona kuti sanasinthe: nsanja yomweyo, zovala zakuda zomwezo, mkazi palibe, chimbudzi sachionetsa. Mmodzi anati andipezera mathero a buku lija ndikangomuuza dzina lake, koma dzinalo linapita ndi chikuto chimene amayi ankakupizira mbaula. Ndimaonera nawo mpaka nsanja igwe, anthu avine, ndiye ndimafunsa kuti nanga mtembo akukauika ndani. Amati ndikusokoneza filimu.

Piki ya agogo ili kuseri kwa chitseko changa, mpini wake ndi wachitatu. Ine sindinakhalepo kapitawo, koma pakamwa pangapa ndalakwira theka la Katondo. Ndikamva kulira m'mawa, sindifunsa kuti wafa ndani.