A Magalasi ndi Nyumba Yopanda Sitika

Musamvere zimene akunena pa shopu yometera paja, zoti a Magalasi ankafuna kulanda nyumba ya mkamwini wawo. Ndi bodza. Lakula mpaka lamera ndevu, koma likadali bodza. Ena awonjezera kuti bamboyo amadana ndi anthu obwera, ena ati amadana ndi mtendere weniweniwo, ngati kuti mtendere ndi munthu woti mungakumane naye panjira n'kumumana moni. Onsewa anaona chinthu chimodzi: mkulu ataima pazenera ndi lezala m'manja, akupala sitika ya umodzi. Kupalako kunachitikadi. Zotsalazo n'zokometsera.

A Magalasi ndi aja aatali owonda okhala kumapeto kwa msewu wathu, oika magalasi m'mazenera. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi mayi awo, ndipo anapita nalo kumanda. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata pa sitolo ya zomangira, akutsitsa magalasi mu lole, ndipo mpaka lero akakhala pagulu amayenda chammbali ngati anyamula chosweka, ngakhale m'manja mulibe kanthu. Zala zawo n'zodzaza timizere toyera ta zipsera. Akabwera kwanu amayankha moni bwinobwino, koma maso ali pazenera lanu. Akazi awo amati tsiku loyamba kukaonekera kwa apongozi, bamboyo asanakhale n'komwe pansi anawauza kuti felemu yawo ndi yokhota.

Ana awo ena anamwazikana ndi ntchito m'mizinda yakutali. Pafupi panatsala mzime, mtsikana wolankhula pang'ono ngati bambo ake. Iyeyu anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mafoni, wobwera, mmodzi wa anthu aja amene akalankhula mumadziwa kuti lilime lawo linakulira kwina. Awiriwa anamanga kanyumba msewu wakuseri, zipinda ziwiri ndi pabalaza. Magalasi anaika ndi a Magalasi eni ake, akung'ung'udza kuti wopanga mafelemu anali ataledzera. Kenako kunabadwa kamdzukulu, kamtsikana, kamene kankabwera m'mawa kudzaba phala lomatira magalasi n'kumaumba tiagalu tosauma.

Ndiye msika waukulu unapsa. Phulusa lisanazizire, mawu anali atayenda kale kuti moto anayatsa ndi obwera. Palibe amene anaona woyatsayo, koma aliyense anali ndi msuweni amene anamuona. Zipolowe zinagwira mzinda wonse. Anthu amene dzulo lake ankatisokera nsapato ndi kutigulitsa mchere anathawa ndi zovala za m'thupi. Mzime, mwamuna wake ndi mwana anakwera lole yopita kwawo kwa mwamunayo. Mazenera a nyumba yawo anaswedwa onse, masanasana, ndi anthu osabisa nkhope.

Kutakhala bata, a Magalasi anasanduka munthu wofunika kuposa dokotala. Masitolo, mabanki, matchalitchi, onse ankawafuna. Koma asanapite kwa kasitomala aliyense, anakankha njinga yawo kupita msewu wakuseri n'kuika magalasi atsopano m'nyumba yopanda anthu ija. Maganizo awo anali amodzi: mwana wawo abwerere. Ndipo ankadziwa mmene nyumba yosiyidwa imathera. Galasi likasweka, mumayamba kulowa mphepo, kenako ana osewera, kenako pamapezeka wachifundo wina woti chitsekochi chikungowonongeka ndi mvula, bola ndikachisunge kwathu. Malata nawo amapeza wowasunga. Mwini wake akadzabwera, amapeza makoma akumuyang'ana, n'kutembenuka osadzabweranso.

Choncho nyumbayo anaiveka ngati muli anthu. Akazi awo anapachika makatani. M'mawa bamboyo ankapita kukawatsegula, kusesa pakhomo, n'kuyanika zovala pachingwe: diresi lakale la akazi awo, thaulo, ndi buluku lawo lotuwa. Madzulo ankakayanula n'kutseka makatani.

"Abambo," ankatero akazi awo, "bulukuli lachapidwa kambiri mwezi uno kuposa chilowereni ine m'banja muno. Zipolowe zakuthandizani."

"Nyowetsani basi, amayi, sopo musawononge."

Odutsa ochokera kumadera ena ankaona nyumba ya anthu. Oyandikana nawo ankadziwa zoona, koma n'kovuta kuzula chitseko cha munthu amene mukampatse moni mawa m'mawa.

Nthawi yomweyo akuluakulu a mzinda anayambitsa kampeni ya umodzi. Kunabwera galimoto ya chimkuzamawu ndi nyimbo yake, yokoma ndithu, moti ngakhale zidakwa zinailoweza. Kunabwera matisheti oyera olembedwa kuti Tonse Ndife Amodzi. Kunachitika mpira wa umodzi, umene unathera pa ndewu chifukwa cha penate. Tinabzala mitengo ya umodzi m'mbali mwa msewu, mbuzi zinagwirizana n'kuidya.

Anthu ankailankhula mosiyanasiyana nkhaniyi. Wometa uja anati umodzi waulandira, kungoti wamuthina m'khwapa, akadampatsa wokulirapo. Kondakitala wa minibasi anati amene ankatsogolera kugenda ndi omwenso anali patsogolo pa mzere wa matisheti, poti kuthamanga anazolowera. Koma mayi wogulitsa tomato pakona, amene mnzake wa benchi limodzi anathawa, anati musaseke, iye atamva nyimbo ija koyamba analira, ndipo kuyambira tsiku la moto anali asanalire. Wamasiye wina anati bola nkhaniyi ikunenedwa, poti kukhala chete kukanakhala ngati anthuwo sanakhaleko. Ambiri ankangovala tishetiyo poti ndi malaya, ndipo malaya sakanidwa.

Wapampando wa komiti ya kudera kwathu anali Ahedi, mayi wopuma pa uphunzitsi. Ameneyu musamuike m'gulu la ovala tisheti chabe. Pa nthawi ya zipolowe anabisa mabanja a obwera m'khitchini mwake, iye n'kukhala pakhomo ndi ndodo yolozera pa bolodi, ndipo anyamata atafika anawatchula mayina mmodzimmodzi monga ankachitira m'kalasi, mpaka anabwerera. Ndi iye amene anaganiza za masitika. Nyumba iliyonse ya othawa inamatidwa pepala lobiriwira lolembedwa kuti: Nyumba ino ndi ya m'bale wathu, tikumudikira.

Posapita nthawi, nyumba zina za masitika zinayamba kusowa zitseko. Ena anati akuba a kumadera ena akuyenda akuwerenga. Ena anati zitsekozo zikanapita ndithu, sitika kaya ayi. Sizinatsimikizike. Koma a Magalasi atapeza pepalalo pazenera la kutsogolo, sanadikire kutsimikiza. Anatulutsa lezala m'thumba la malaya, kupala, kupukuta ndi nsalu yonyowa. Achinyamata a komiti anamatanso. Iwo anapalanso.

Anawaona ndi a Weluda, wowotcherera zitsulo wokhala moyang'anizana ndi nyumbayo, amene tisheti ya umodzi sankaivula ngakhale pa ntchito, moti inali yobooka ndi moto.

"Madala, mwaukana umodzi?" anafuula ali pageti pake.

"Mwadzuka bwanji, a Weluda," anayankha a Magalasi, osatembenuka.

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali pa shopu yometera. Madzulo inali ndi mutu ndi miyendo: mkulu uja akuyanika buluku lake pamenepo kuti anthu azolowere, mawa adzati nyumba ndi yake.

Ahedi sanatume munthu. Anapita okha, n'kuwapeza akuyanika thaulo.

"Bambo, sitika yanga mukuichotseranji?"

"Imadetsa galasi, amayi."

"Musandiyankhe ngati mwana amene sanalembe homuweki. Ndafunsa bwinobwino."

A Magalasi anafinya thaulo lija ngakhale linali lofinyidwa kale. "Pepalalo likuuza wodutsa aliyense kuti muno mulibe munthu."

"Ndipo buluku lanulo likuuza wodutsa aliyense kuti muno simunakhalepo wobwera," anatero Ahedi. "Mukuwabisa, bambo. Anthuwa anathawa chifukwa anauzidwa kuti malo ano si awo. Ine ndikufuna msewu uno uziwerenga tsiku ndi tsiku kuti ndi awo, makamaka uyo akutiyang'ana pagetiyo. Inu mukufuna akabwera adzakhale kuseri kwa katani ngati katundu wakuba?"

Kutsutsana si ntchito ya a Magalasi. Anayang'ana zenera, poti ndi kumene maso awo amathawira.

"Zitseko zikupita, amayi," anatero potsiriza.

"Ndikudziwa. Zikundipweteka kuposa inu. Komabe mwalakwa." Anakonza mpango wawo. "Ndiwauza ana asadzamatenso. Thaulolo mwaliyanika mokhota."

Mawu amenewa anawakhala a Magalasi ngati kachidutswa ka galasi kolowa m'chala, kosaoneka koma komveka ukagwira chinthu. Ankadula galasi pa kasitomala, mzere n'kuphonya. Anafunsa akazi awo ngati Ahedi ananena zoona. Mayiwo anati onse awiri ndinu ouma mitu, kungoti wina anapita ku koleji. Koma makatani anapitiriza kutsegulidwa.

Mvula itadutsa, m'mawa wina akusesa pakhomo paja, anaona anthu atatu akubwera. Kayendedwe ka mzime anakadziwa ali patali. Tsache linagwa. Kenako maso awo, ozolowera kuyeza, anayeza chikwama chimene mkamwini ananyamula. Chinali chaching'ono, cha munthu wogona usiku umodzi. Mwana panalibe. Wachitatuyo anali mayi wachilendo wovala nsapato zoyera.

Anapatsana moni wautali. Mwana ali bwino, anatsala ndi agogo ake a uko, wayamba sukulu. Mkamwini anazungulira nyumba yonse, kugwira chitseko, kuyang'ana malata, n'kubwerera maso ali ofiira.

"Apongozi, sindikudziwa ndinene chiyani," anatero atagwira chipewa m'manja. "Anzathu onse amene abwera kudzaona apeza makoma okha. Makoma palibe akuwafuna. Ife tokha ndi amene tapeza wogula, chifukwa cha inu. Wogula nyumbayo ndi anamwino awa, asamutsidwira kuchipatala cha kuno."

A Magalasi anawapatsa moni anamwinowo mwaulemu wonse. Anatola tsache n'kuliimika pakhoma. Linagwanso, analisiya.

Apo n'kuti a Weluda akuwoloka msewu, manja ali m'mwamba, tisheti ili pamimba. "Alamu! Mwabwera! Takulandirani, takulandirani! Tinakusowani pamsewu pano!"

Mkamwini anapereka dzanja. Mzime anayankha moni maso ali pansi, n'kulowa m'nyumba. Bambo ake anamutsatira. Anamupeza m'chipinda, ataima pamene pankakhala bedi.

"Ababa, musandiyang'ane choncho."

"Nyumba ili bwino, mwana wanga. Sikudontha. Kunja kuli bata. Weluda uja wamumva wekha akukulandira."

"Ndamumva. Mwala woyamba unachoka m'dzanja lake lomwelo, mwana wanga ali pansi pa bedi apa." Ananena mosakweza mawu. "Mwina walapadi, sindikudziwa. Sindikumufunira choipa. Koma sindingamutume mwana kukagula sopo n'kumadutsa pageti pake. Ndayesa kuganiza, ababa, zikukanika."

Kunja anamwino ankafunsa za madzi ndi magetsi.

"Kumene tili kuja tinamva kuti nyumba za othawa anazimata mapepala," anatero mzime, akusisita katani. "Akuti olembedwa kuti tikukudikirani. Pobwera ndawaona pa nyumba zina. Ife sanatimatire?"

"Anamata. Ndinachotsa."

"Chifukwa?"

"Akuba."

Mtsikanayo anagwedeza mutu kusonyeza kuti wamva. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Mwachita bwino. Kungoti ndikanakonda kuliwerenga."

Bamboyo sanafunse ngati pepalalo likanasintha kanthu, ndipo mwanayo sananene. Mpaka lero sakudziwa. Akakumana ndi Ahedi amavula chipewa, Ahedi amafunsa za mdzukulu, n'kusiyana.

Anamwino anasuzumira pakhomo n'kunena kuti galasi la kukhitchini likugwedera mphepo ikawomba. A Magalasi anapita kunjinga, kutenga phala lomatira, n'kulimata bwinobwino, chala chikuyenda m'mbali mwa felemu mosafulumira, monga amachitira kwa kasitomala aliyense. Akazi awo, amene anali atamva kale ndipo anafika akupuma mwamsanga, anakumbatira mwana wawo, kumukalipira kuti wawonda, n'kupita kuchingwe kukayanula zovala zikadali zonyowa.

Mawa lake anawaperekeza kudepoti. Anapatsa mzime kachitini ka phala lomatira kuti akampatse mwana. Basi itanyamuka anapita kukaika magalasi pa sitolo ina ya nsapato, poti anali atalonjeza.

Pa shopu yometera nkhani sinafe, inangosintha malaya. Tsopano akuti mkuluyo anagawana ndalama ndi mkamwini, ena akuti anamwinowo ndi chibwenzi chawo, zimene akazi awo atamva anaseka mpaka kukhala pansi. Galimoto ya chimkuzamawu inasiya kubwera, matisheti ambiri ndi zokolopera, ndipo obwera ena abwerera, ena ayi.

Zoona zake n'zakuti a Magalasi nyumba ija ankasungira mwana wawo, ndipo mwanayo sanabwerere.