Uthenga Umene Sindinafikitse kwa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amalume a Fanuelo anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yawoyawo. Kwathu ndi kumapiri a Nsambe, kumene nthawi ya dzinja msewu umasanduka phala lofiira ndipo minibasi zimabwerera panjira. Koma galimoto ya amalume inali ya mtundu wina, yaitali msinkhu, yokoka ndi mateyala onse anayi. Inakwera chitunda cha kwathu ikubangula, n'kudzaima pansi pa mtengo wa mapeyala matope atafika m'magalasi. Pamwamba pake anamangirirapo mtolo wobiriwira umene anatiuza kuti ndi tenti.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wopondana nawo, ndipo awiriwa ankakondana kwambiri. Ku Joni ankatsuka magalimoto pakampani ina yotengera alendo kokaona nyama zakutchire. Zaka zonsezo ankakolopa fumbi la m'nkhalango zimene iwo sanapondemo n'kamodzi komwe. Choncho atagula galimoto yakale kwa abwana awo, anatsimikiza mtima kuti nawonso akagona m'tenti kumalo osungirako nyama kuchigwa cha Shire, ndipo atenga mwana wawo Yona ndi ine.

"Anthu amachoka kutali kudzaona njovu zathu," ankatero amalume, "ndiye ife eni ake tizingoziona m'mabuku a kusukulu?"

Ine ndinali ndisanapitirirepo pa Boma. Ndinauza anzanga onse, ngakhale amene sindinkagwirizana nawo, ndipo diresi yanga ya kutchalitchi ndinaichapa kawiri isanade. Koma m'mudzi monse galimoto inali yomweyo, ndipo aliyense anali nalo vuto lake. Tsiku loyamba limene tinapangana kunagwa maliro kumudzi woyandikana nafe, amalume n'kukanyamula bokosi. Tsiku lachiwiri anaperekeza kuchipatala mwana amene anathyoka mwendo. Atabwerako anakhala pakhonde atatopa, nati, "Loweruka likakanikanso, basi zatha. Lachitatu ndikubwerera ku Joni." Mawu amenewo ndinawasunga. Lachisanu madzulo kachikwama kanga ndinakakasiyiratu m'galimoto.

Nthawi imeneyo amayi anali oyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo bambo anali ku Blantyre kumene ankagwira ntchito ya ulonda. Nyumba yathu inali kumunsi, kutsidya la kamtsinje, kumene galimoto sinkafika. Amalume ankagona kumtunda, pafupi ndi msewu. Loweruka m'mawa ndinapeza amayi atakhala pakhonde, atamanga mutu ndi kansalu. Mapazi awo anali atatupa moti patapata sankalowa.

"Esinati," anandiitana ndi mawu otsika, "thamanga ukawauze amalume ako kuti mutu wandivuta kwambiri, ndipo maso akuchita chidima. Anditengere kaye kuchipatala ku Boma. Zanyamazo mudzapita tsiku lina, wamva? Ukabwere udzandiuze."

Ndinayamba ndi kuthamangadi. Nditawoloka kamtsinje ndinayamba kuyenda, ndipo pofika m'munda wa mbatatesi ndinali ndikukoka miyendo m'mame. Ndinadziuza kuti amayi mutu umawawawa kawirikawiri. Ndinadziuza kuti masiku awiri si ambiri, ndipo pakhomo pali aNambewe oyandikana nafe amene angawayang'anire. Nditatulukira pamsewu ndinapeza injini ikulira kale. Mbaula, mapoto, chigubu cha madzi ndi fosholo zinali zitapakiridwa, ndipo Yona anali pampando wakutsogolo akundikodola.

"Achemwali adzuka bwanji?" anafunsa amalume akumanga chingwe.

"Adzuka bwino," ndinayankha. "Akuti tiyende bwino."

Ndinakwera. Chitseko chinali cholemera, ndipo amalume ndi amene anachitseka.

Ulendowo unali wa anthu ophunzira. Tisanafike n'komwe pa Boma tinatitimira pamalo ena otsetsereka, amalume n'kumaponda mafuta mateyala akungozungulira pamodzimodzi. Anadzatithandiza ndi dalaivala wina wa lole amene anawasonyeza kachitsulo kakang'ono pambali pa giya. "Achimwene, galimoto iyi mphamvu zake zili apa. Kokani aka, muziyenda pang'onopang'ono." Amalume anaseka mpaka misozi, nati zaka zonse zija ankangokapukuta kachitsuloko osadziwa ntchito yake. Galimoto inatuluka m'matope mosavuta, ndipo kuchokera pamenepo panalibenso malo amene anatiimitsa. Tinafika pa tala, tinadutsa Blantyre, kenako tinatsikira kuchigwa kumene mpweya unali wotentha ngati wochokera m'uvuni.

Pageti la malo osungirako nyama aja, bambo wina wolondera nyama anatiyang'ana n'kufunsa ngati kanali koyamba. Anatilangiza kuti tisatsike m'galimoto paliponse, tisasunge chakudya m'tenti, ndipo njovu ikaima pamsewu tizimitse injini n'kudikira. Tenti ija inativuta mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa amalume anayamba kuimanga chagada. Tili kalikiliki ndi zitsulo zake, anyani anatibera buledi yense. Kenako amalume anatulutsa foni yawo, n'kuikweza m'mwamba, n'kuseka.

"Kuno kulibe netiweki. Palibe amene atipeze kuti tikanyamule katundu wake. Tipume, ana inu."

Mpaka nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti zikavuta aNambewe aimba foni ndipo tibwerera.

Nyama tinaziona. Tinaona nswala, njiri zikuthamanga michira ili m'mwamba, mvuu zikupuma m'madzi a bii. Lamulungu m'mawa njovu zinadutsa kutsogolo kwathu, pafupi moti tinkamva fungo lake ndi kuthyoka kwa nthambi. Yona ankaziwerenga monong'ona, amalume atagwira pakamwa ngati mwana. Ine ndinaziyang'ana n'kumadikira kuti chimwemwe chibwere, koma sichinabwere. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ola lililonse likadutsa mawuwo ankalemera kuposa kale. Amalume anaganiza kuti ndikuopa nyama. Anandisisita kumutu nati, "Usaope, mwana wa achemwali. Uli ndi ine."

Lolemba pobwerera, titangoyamba kukwera mapiri, foni ya amalume inayamba kulira mosalekeza. Anaimika galimoto pambali, n'kutsika. Ndinawaona kudzera pagalasi akumvetsera, dzanja lina atagwira m'chiuno, kenako atagwira kumutu. Anabwerera m'galimoto. Anayendetsa mpaka kuchipatala cha pa Boma osaima paliponse.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa aNambewe. Loweruka lija amayi atamva kulira kwa galimoto anaganiza kuti mlongo wawo akuisendeza pafupi. Anavala, n'kukwera chitunda atatsamira aNambewe, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala uja kudikira. Anadikira mpaka masana. Chakumadzulo anakomoka, thupi lonse likugwedezeka. Anthu anawanyamula pamachira mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu, kumene anamwino anachita zonse zimene akanatha. Koma kunagwa chimvula, msewu n'kuwonongeka, ndipo galimoto yotha kudutsa inapezeka mawa lake. Amayi anapulumuka. Mwana, wamwamuna, anabadwa atafa kale. Pamene ife tinkafika, amayi akuluakulu anali atakamuika.

Bambo tinawapeza panja pa wodi, maso ali psuu. Sanapereke moni.

"Alamu," anatero, "mwana anabwera kudzakuuzani kuti mlongo wanu akudwala, inu n'kusankha kukaona nyama? Nyama, alamu?"

Amalume anatembenuka n'kundiyang'ana. Sizinatenge nthawi, koma m'kanthawi kameneko anamvetsa zonse. Ine ndinayang'ana pansi, pa nsapato zawo zamatope.

"Anandiuzadi," anatero amalume. "Ndinkayesa ndi mutu wamba. Ndalakwa ndine."

Bambo anawagwira pakhosi, anthu n'kuwaleretsa. Amalume atalowa m'wodi n'kugwada pafupi ndi bedi, amayi anatembenukira kukhoma. Anakhala chogwada nthawi yaitali, koma amayi sanacheuke.

Lachitatu m'mawa, asananyamuke, amalume anandiitana ali kuyang'ana mateyala. Tinali awiri okha. Sanandikalipire, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero.

"Esinati, tsiku lija bambo ako akanakupweteka. Amayi akonso ataya kale mwana mmodzi, sakanatha kumva zimenezi ali pabedi. N'chifukwa chake ndinayankha choncho. Koma mlanduwu si wanga, ndangokusungira. Akachira, ukawauze ndi pakamwa pako. Usachedwe, wamva?"

"Ndamva, amalume."

Amayi anachira pang'onopang'ono. Ndinati ndiwauza akayamba kupita kumunda. Atayamba kupita kumunda ndinati tikakolola. Titakolola ndinati ndikalemba mayeso a Sitandade 8, chifukwa bambo akakwiya mwina andisiyitsa sukulu. Nthawi zonse chifukwa chinkapezeka, ndipo chinkamveka chanzeru. Pakhomo ndinasanduka mwana wabwino kwambiri. Ndinkatunga madzi osatumidwa, kusinja, kuchapa, ndipo amayi ankauza anzawo kuti Mulungu anawalanda mmodzi n'kuwasiyira wanzeru.

Amalume ankaimba pafoni ya aNambewe. ANambewe ankabwera nayo m'manja mpaka pakhonde, amayi n'kunena kuti, "Auzeni ndatuluka." Anatumiza bulangete, amayi anakalipereka kutchalitchi. Nthawi ya Khirisimasi anasiya kubwera. Tsiku lina ndinalandira foniyo ndine.

"Zija wanena?" anafunsa.

"Ndinena, amalume."

Anayankha kuti, "Chabwino. Uzilimbikira sukulu." Sanadzandifunsenso.

Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Ndili Folomu 4, tinamva kuti amalume akudwala ku Joni, ndipo pasanathe miyezi iwiri thupi lawo linabwera m'kangolo kokokedwa ndi galimoto yawo ija. Pamaliro amayi analira kuposa wina aliyense. Anagwira bokosi ndi manja awiri n'kumafuula kuti, "Fanuelo, mlongo wanga, unandisiyiranji tsiku lija? Ndinakulakwira chiyani ine?" Anthu ankamva. Akazi awo a amalume ndi Yona ankamvanso.

Patatha sabata ndinawauza. Tinali awiri m'munda, tikukumba mbatatesi, kunja kukuzizira. Ndinanena zonse mosakongoletsa, kuyambira pa kamtsinje mpaka pa mateyala. Amayi anaika khasu pansi n'kukhala pamzere. Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.

"Mwezi watha anaimba," anatero. "Mawu ake anali atatha. Anati akufuna andimve kamodzi kokha. Ndinakana."

Ndinayamba kulira, koma anandiletsa ndi dzanja.

"Za tsiku lija sindikuimba mlandu. Unali mwana, unkafuna kuona njovu. Koma zaka zonsezi, Esinati, unkadya nane mbale imodzi, unkandiona ndikubweza foni. Unali kuti?"

Amayi anatola khasu lawo n'kupitiriza kukumba. Bambo anamva kwa iwo. Sanandimenye. Anapita okha kumanda, n'kukakhala kumeneko mpaka madzulo, ndipo mawa lake anakagwada kwa akazi awo a amalume. Yona sanandilankhulenso. Tikakumana pamsika wa pa Boma amawolokera mbali ina ya msewu, ndipo sindimudabwa.

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale. Amayi alipo, akalamba. Ndikapita kumudzi amandilandira, amanyamula adzukulu awo, timakamba za mvula ndi za mitengo ya feteleza. Sanandinenepo mawu oipa. Koma dzina la mlongo wawo likatchulidwa amadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ine sindiwatsatira.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti tchimo langa linali bodza la m'mawa uja. Tsopano ndikuona kuti limenelo amayi analikhululuka ndi mawu ochepa chabe, atakhala pamzere. Limene silingakonzeke ndi linalo, limene ndinkalichita mwakachetechete tsiku ndi tsiku ndili wamkulu ndithu, ndikudziwa bwino chimene ndikuchita. Amalume anandipatsa nthawi kuti ndilimbe mtima, ine ndinaitenga ngati mlandu watha. Ndinkaganiza kuti choonadi chidzagwira ntchito yake tsiku lililonse limene ndidzachinene. Pamene ndinachinena chinali choonadi ndithu, koma panalibenso amene chikanamuthandiza. Amayi sichinawabwezere mlongo wawo, chinangowaonjezera chisoni china. Ndipo munthu amene ndinayenera kumupepesa koposa onse anapita osamva pepani wanga, akudziwa kuti zimene anandipempha ndinazimva bwinobwino.