Mleme wa pakhoma la sukulu

Bambo wa utoto wakhala akujambula nyama moyo wake wonse: ng'ombe pakhoma la butchala, nsomba pashopu, nkhuku yonenepa pachitseko cha lesitilanti. Kwa iye nyama zinali m'magulu atatu basi, zodyedwa, zoluma ndi zakuba. Sukulu anailekera panjira, ndipo chimwalirireni mkazi wake amalera yekha mwana wawo wamkazi ndi burashi yomweyo.

Tsono aphunzitsi a sayansi anamuitana kuti akajambule khoma la sukulu ya mwanayo. Anamufotokozera kuti nyama zonse za dera limodzi amaziwerengera pamodzi, ngakhale nyerere, kenako amazigawa poona thupi: za nthenga, za mamba, zoyamwitsa, za miyendo isanu ndi umodzi. Iye anangoti chabwino, n'kujambula mleme pakati pa nkhunda ndi kadzidzi. Nanga mapiko si amenewo?

Aphunzitsi ataona anapukusa mutu, amvekere mleme umayamwitsa, malo ake ndi pafupi ndi ng'ombe. Ng'ombe! Mkuluyu anaseka mpaka kutsokomola. Koma kuseka kunatha atakumbukira kuti khoma silifufutika ngati bolodi. Likalakwika, ana azimuloza mwana wake chaka ndi chaka kuti bambo ake ndi mbuli. Zimenezo ndiye ayi. Komanso kungomvera zonena za munthu osaona yekha, si khalidwe lake.

Masana omwewo anabwereka makwerero n'kukwera kudenga kwa chipinda chosungira mabenchi othyoka, komwe mileme imagona. Fungo lake, mayo ine! Atawalitsa tochi ya foni anaiona ili lendelende, mitu pansi. Umodzi unali ndi kanthu pachifuwa, kopanda ubweya, katakakamira zolimba, kakuyamwa mosasamala za iye. Anayang'anitsitsa mpaka mkono unatopa, ndipo chisoni chinamugwira osachiyembekezera.

Atatsika anafunsa aphunzitsi kuti nanga anthufe tili gulu liti. Anamuuza kuti ndi lomwelo. Bamboyo anapaka utoto woyera pomwe panali mleme, n'kuujambulanso pambali pa ng'ombe, kamwana kali pachifuwa. Pamalo potsala anawonjezera mayi akuyamwitsa khanda, ngakhale palibe anamutuma.

Ana ataweruka anadzaza pakhomapo, akukanganirana za mleme. Koma mwana wake yekha maso anali pa mayi uja.

"Ababa, amenewa si amayi?"

"Ndi iwowo," anatero akutsuka burashi. "Kakuyamwako ndiwe."